Momwe mungafikitsire vuto la chipatala chanu kwa nduna ya zaumoyo ku Nyumba ya Malamulo

Aphungu akamakumana ku Lilongwe pamakhala nthawi ya mafunso, pomwe nduna zimaimirira n'kuyankha zomwe aphungu afunsa za madera awo. Si chifundo cha ndunazo. Gawo 96 la malamulo oyendetsera dziko lino limati nduna ziyenera kupezeka ku Nyumba ya Malamulo kuti ziyankhe mafunso okhudza mfundo za boma, ndipo gawo 13 limaika chisamaliro chokwanira cha zaumoyo pakati pa zinthu zomwe boma liyenera kulimbikira. Nduna ya zaumoyo imafunsidwa kawirikawiri, koma mukamvetsera bwino mupeza kuti mayankho ambiri amathera pamodzimodzi: unduna ukudziwa za vutolo, ndipo udzachitapo kanthu ndalama zikapezeka. Phungu amathokoza n'kukhala pansi, ndipo kumudzi amayi oyembekezera akupitirizabe kukwera kabaza usiku.

Malangizowa ndi a anthu a m'makomiti a zipatala zing'onozing'ono, a chitukuko cha m'midzi ndi m'madera (VDC ndi ADC), mafumu, magulu a amayi ndi a achinyamata, komanso aliyense amene watopa ndi kuuzidwa kuti "kagule ku famase". Cholinga n'choti nkhani yanu ikafike m'Nyumbamo itakonzedwa mwa njira yoti nduna isathe kuizemba ndi mawu aja a ndalama zikapezeka, ndipo ikafike pa nthawi imene ndalama zikugawidwa.

Choyamba: onani ngati vutolo ndi la nduna

Anthu ambiri amataya miyezi chifukwa chogogoda pa khomo lolakwika. Zipatala za m'maboma pamodzi ndi zipatala zing'onozing'ono zili pansi pa makhonsolo. Mkulu wa zaumoyo m'boma, yemwe ambiri timangomutchulabe kuti a DHO ngakhale udindowo unasintha dzina kukhala DHSS, amagwira ntchito pansi pa a DC. Mafuta a ambulansi, chakudya cha odwala, kulipira madzi ndi magetsi, kukonza mjigo wa pachipatala, zonsezi zimachokera ku ndalama zoyendetsera ntchito zomwe zimadutsa kukhonsolo. Ambulansi ikaima sabata imodzi chifukwa wina sanasaine pepala la mafuta, imeneyo si nkhani yopita nayo ku Lilongwe. Koma ikaima chifukwa khonsolo sinalandire ndalama zake kuchokera ku Treasury, ofesi yosunga chuma cha boma, kwa miyezi ingapo, ndiye yasanduka nkhani ya dziko, ndipo nduna ya zachuma nayo ikukhudzidwa.

Zomwe zili m'manja mwa unduna weniweni ndi zipatala zikuluzikulu za Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Mzuzu ndi Zomba, pamodzi ndi chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba. Mfundo ndi malamulo a zaumoyo. Mndandanda wa chithandizo chomwe boma limalonjeza kupereka mwaulere. Kumanga zipatala zikuluzikulu. Ubale ndi mabungwe othandiza monga Global Fund. Ndi mgwirizano wa boma ndi zipatala za mishoni zomwe zili pansi pa CHAM, womwe umalola amayi oyembekezera ndi ana akhanda kulandira chithandizo osalipira m'madera momwe mulibe chipatala cha boma pafupi. Mankhwala ambiri amagulidwa ndi kugawidwa ndi Central Medical Stores Trust, ndipo nduna imayankha za bungweli m'Nyumbamo.

Pali nkhani zina zomwe zili ndi makomo awoawo. Namwino kapena dokotala akakulalatirani kapena akanyozera wodwala, yambani ndi mkulu womva madandaulo pachipatalapo, yemwe amatchedwa Hospital Ombudsman, ndipo ngati ndi nkhani yaikulu pitani ku Medical Council of Malawi kapena ku Nurses and Midwives Council. Ngati wina akufuna ndalama pa chithandizo chaulere, kapena mankhwala a boma akupezeka pamsika, amenewo ndi apolisi ndi bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB. Phungu sangatchule dzina la namwino m'Nyumba ya Malamulo n'kumuweruza pomwepo, ndipo musamupemphe kutero.

Chachiwiri: lembani zomwe zikuchitika, ndi masiku ake

Apa ndi pomwe ntchito yambiri yagona. "Kuchipatala kwathu kulibe mankhwala" ndi dandaulo lomwe nduna yamvapo kambirimbiri, ndipo ili ndi yankho lake lokonzeka. Koma "kuyambira pa 3 mpaka pa 24 mwezi watha kunalibe mankhwala a malungo a LA a ana, ndipo oda inatumizidwa pa nthawi yake" ndi nkhani yofuna yankho lenileni.

Gulani kope limodzi la chikuto cholimba, lisakhale la munthu mmodzi koma la komiti. Tsamba lililonse likhale ndi tsiku, chomwe chasowa, ndi yemwe waona. Mamembala a komiti ya chipatala ali ndi mwayi womwe ena alibe, chifukwa amaitanidwa kudzachitira umboni galimoto ya mankhwala ikafika, ndipo amasaina nawo mapepala. Musamangosaina. Funsani woyang'anira chipatala kuti anaitanitsa makatoni angati ndipo afika angati, n'kulemba manambala onse awiri. Kusiyana kwa manambala amenewa ndiye umboni wamphamvu kuposa wina uliwonse, chifukwa kumasonyeza ngati vuto lili pa kaitanitsidwe, pa kagulidwe ku likulu, kapena ngati mankhwalawo akusowa atafika kale. M'chipinda chosungira mankhwala muli makadi olembapo zolowa ndi zotuluka, ndipo woyang'anira wabwino sakana kukuonetsani mukamupempha mwaulemu monga komiti.

Lembaninso zinthu zofuna manambala: anamwino ndi azamba alipo angati, ndipo pa malo ovomerezeka payenera kukhala angati, chipatalacho chimatumikira anthu angati, chomwe alangizi a zaumoyo amachidziwa bwino, mtunda wokafika kuchipatala chachikulu ndi makilomita angati, pa mwezi amachira amayi angati. Ngati nyumba ya chidikiro ilibe denga, jambulani nyumbayo. Musajambule odwala, musajambule mabuku awo akuchipatala, ndipo musalembe dzina la wodwala aliyense m'kalata yopita kwa phungu. Pankhani ya imfa, banja lokha ndilo lingalole kuti nkhani yawo itchulidwe.

Ogwira ntchito pachipatala muwateteze. Nthawi zambiri iwowo ndi amene amakunong'onezani zoona, ndipo kalata yonena kuti "a namwino atiuza" ikhoza kuwabweretsera mavuto kuntchito. Lembani kuti komiti yaona.

Zomwe simungazipeze pachipatala mungathe kuzipempha mwalamulo. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani, Access to Information Act, linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Limalola nzika kulembera ofesi ya boma kupempha zinthu monga ndalama za mankhwala zomwe boma lanu linapatsidwa chaka chino ndi zomwe zagwiritsidwa ntchito, ndipo ofesiyo iyenera kuyankha pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Akakhala chete, bungwe la Malawi Human Rights Commission ndilo limayang'anira lamuloli. Maofesi ena amazengereza ndithu, koma ngakhale kalata yosayankhidwa ndi umboni woti phungu anyamule.

Chachitatu: dutsani kukhonsolo, ndipo sungani kope yodinda

Lemberani a DHSS, kope ipite kwa a DC, khansala wanu ndi wapampando wa ADC. Popereka kalatayo tengani makope awiri, ina aidinde ndi kulembapo tsiku n'kukubwezerani. Dikirani masabata awiri kapena atatu. Mwina vutolo lithera pomwepo. Likapanda kutha, mwatseka njira imodzi yozembera, chifukwa nduna ikadzati nkhaniyi ndi ya khonsolo, phungu wanu adzakhala ndi pepala m'manja losonyeza kuti khonsolo inauzidwa kale.

Chachinayi: kukumana ndi phungu

Kuyambira pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 dziko lino lili ndi madera 229 a aphungu, kuchoka pa 193, choncho yambani mwatsimikiza kuti chipatala chanu chili m'dera la ndani tsopano, poti malire ena anasuntha.

Musamugwire pamaliro kapena pamsonkhano wa chipani. Pamenepo aliyense akumupempha bokosi, fizi ndi malata, ndipo inu mudzangowerengedwa m'gulu la opempha. Pemphani tsiku kudzera kwa a T/A kapena wapampando wa ADC, pa nthawi yomwe Nyumba ili pa tchuthi, makamaka kutatsala mwezi kuti aphungu abwerere ku Lilongwe. Pitani anthu atatu kapena anayi, pakhale mayi, pakhale mfumu, ndipo ngati n'kotheka pakhale anthu odziwika kuti amakonda zipani zosiyana. Mukatha malonje nenani msanga kuti simunabwere kudzapempha ndalama. Mungayambe motere: "Olemekezeka, sitinabwere ndi mbale. Tabwera ndi funso loti mukatifunsire kwa a nduna ya zaumoyo, ndipo talilemba kale." Mudzaona nkhope ikumasuka, chifukwa aphungu ambiri amafuna kumveka pa wailesi akulankhulira dera lawo, koma alibe anthu owafufuzira nkhani.

Mpatseni tsamba limodzi lokha: vuto, manambala, zomwe mwachita kale, ndi funsolo. Makalata ndi zithunzi zikhale kumbuyo.

Phungu wanu akakhala nduna kapena wachiwiri kwa nduna, dziwani kuti safunsa mafunso m'Nyumbamo, poti iyeyo ndi mbali ya boma lomwe likuyankha. Ameneyo mumupemphe kuti akalankhule ndi mnzake wa zaumoyo mwachindunji ndipo akupatseni yankho lolemba, kenako funso lenilenilo mulipereke kwa phungu wa dera loyandikana lomwe anthu ake amagwiritsa ntchito chipatala chomwecho. Ena amaganiza kuti phungu wotsutsa ndiye amafunsa bwino. Ine sindiona choncho nthawi zonse. Wotsutsa amafunsa mokalipa, koma wa mbali ya boma amatha kukumana ndi nduna pa nthawi ya tiyi n'kumaliza nkhaniyo. Mukawapeza onse awiri, ndi bwino koposa.

Chachisanu: kalembedwe ka funso

Zokambirana za m'Nyumba ya Malamulo zimachitika m'Chingerezi, ndipo phungu amapereka funso lake molemba ku ofesi ya Kalaliki wa Nyumbayo nthawi isanakwane. Kuchoka apo limapita ku unduna, komwe akuluakulu amalembera nduna yankho. Ndiye kuti yankho loyamba lomwe mudzamve linakonzedwa kale ku Capital Hill. Inu lembani m'Chichewa chomveka, phungu kapena mphunzitsi wa m'dera lanu akalitembenuza, koma onetsetsani kuti manambala ndi mayina a malo sanasinthe.

Mafunso ambiri a aphungu amakhala opempha: kodi unduna ungaganizireko zomanga chipinda chochirira amayi pamalo akutiakuti? Funso lotere limadziyankha lokha. Nduna iyamikira phungu chifukwa chokonda anthu ake, ivomereza kuti chipindacho n'chofunika, kenako ibweretsa mawu aja. Palibe bodza lomwe yanena, ndipo palibe chomwe yalonjeza.

Funso labwino limafuna chinthu chimodzi mwa izi: tsiku, nambala, kapena dzina la ofesi yomwe ili ndi udindo. Mwachitsanzo, m'malo mopempha chipinda, lembani kuti: "Ndikufunsa nduna ya zaumoyo ngati ntchito yomanga chipinda chochirira amayi pa chipatala chakuti ili mu bajeti ya chaka chino; ngati ilimo, yapatsidwa ndalama zingati ndipo iyamba mwezi uti; ngati mulibe, unduna uiika mu bajeti ya chaka chiti." Pa za mankhwala: "Ndikufunsa nduna kuti boma lakuti linapatsidwa ndalama zingati za mankhwala chaka chino, zingati zalipiridwa ku Central Medical Stores Trust, ndipo mwa mankhwala omwe linaitanitsa m'miyezi itatu yapitayi, alandira gawo lanji." Pa za ogwira ntchito: "Mwa anamwino omwe boma lalemba ntchito chaka chino, angati atumizidwa m'boma lakuti, ndipo malo opanda anthu atsala angati."

Funso limodzi likhale la nkhani imodzi. Mukaphatikiza ambulansi, nyumba za ogwira ntchito ndi magetsi, nduna isankha chosavuta n'kuyankha chimenecho. Musaikemo mawu onyoza kapena oneneza munthu, ndipo nkhani yomwe ili kukhothi siiloledwa. Mafunso otere amabwezedwa asanafike n'komwe pa ndandanda ya zokambirana.

Tsopano chinthu chomwe anthu ambiri amachiiwala. Nduna ikayankha, Sipikala amalola mafunso owonjezera, ndipo awa sanakonzeredwe yankho ku unduna. Apa ndi pomwe kope lanu lija limagwira ntchito. Khalani pansi monga komiti n'kuganiza mayankho atatu omwe nduna ingapereke, ndipo pa lililonse mulembere phungu chomwe angabwezere. Ikati mankhwala alipo okwanira m'dziko muno, iye anene masiku omwe kunalibe ndi manambala a oda ndi a zomwe zinafika. Ikati ndi nkhani ya khonsolo, atchule tsiku la kalata yodinda ija. Ikati ndalama zikapezeka, afunse ngati nduna ingatsimikizire Nyumbayo kuti ntchitoyo ikhala mu bajeti ikubwerayi, inde kapena ayi. Nduna yochenjera izembabe, koma kuzembako kumalembedwa.

Mafunso amachuluka kuposa nthawi, ndipo ena Nyumba imatseka asanafikidwe. Zikatero kumbutsani phungu kuti alitsatire pa nkhumano yotsatira. Nthawi zina nduna imakhala kulibe ndipo amayankha wachiwiri wake kapena nduna ina. Yankho limenelo ndi la boma ndithu, musalipeputse.

Chachisanu ndi chimodzi: ngati nkhaniyo siingadikire, kapena ndi yaikulu kuposa funso

Kolera ikabuka, kapena chipatala chonse chikatsekedwa, simungadikire ndandanda ya mafunso. Phungu angathe kupempha Sipikala kuti adzutse nkhani yofunika mwachangu, zomwe mumamva aphungu akuzitchula kuti Standing Order 14. Nduna nayo imatha kubweretsa yokha chikalata chofotokozera Nyumbayo momwe zinthu zilili, ndipo ikamaliza aphungu amafunsa mafunso. Pa mliri wa kolera womwe unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700, nduna ya nthawiyo Khumbize Kandodo Chiponda inkayenera kufotokozera aphungu ndi dziko momwe ntchito yolimbana ndi matendawa inkayendera. Tsiku lotere phungu amene ali ndi manambala a dera lake m'thumba ndi amene amapindula, choncho mukamva kuti nduna ilankhula, mutumizireni uthenga wachidule pa WhatsApp m'mawa womwewo.

Njira yomwe ndimaiona kuti ndi yamphamvu kuposa funso ndi komiti ya aphungu yoona zaumoyo. M'menemo muli aphungu a zipani zonse, mulibe kukuwizana kwa m'chipinda chachikulu, ndipo amene amayankha ndi mlembi wamkulu wa unduna ndi akuluakulu ena omwe amadziwa mafayilo. Gawo 60 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa Nyumba ya Malamulo ndi makomiti ake mphamvu yofufuza ndi kuitanitsa munthu aliyense kudzayankha. Komitiyi imayenderanso zipatala. Lemberani wapampando wake kudzera kwa Kalaliki wa Nyumba ya Malamulo, mufotokoze nkhani yanu pa tsamba limodzi lija, ndipo mupemphe chimodzi mwa ziwiri: kuti abwere adzaone, kapena kuti akuitaneni. Nkhani za Edzi ndi kadyedwe zili ndi komiti yakeyake, ndipo za ndalama zosowa zomwe wapeza mkulu wofufuza za chuma cha boma zimapita ku komiti ya aphungu yolondoloza chuma cha boma, Public Accounts Committee (PAC). Kalata ya mudzi umodzi imatha kusochera, choncho ndi nzeru kugwirizana ndi mabungwe omwe amalowa kale m'makomitiwa, monga Malawi Health Equity Network.

Palinso chikalata cha madandaulo chosainidwa ndi anthu ambiri, chomwe phungu amakapereka m'Nyumbamo, ndiponso tsiku Lachinayi, lomwe limakhala la nkhani zobwera ndi aphungu pawokha. Chikalata chikhale ndi pempho limodzi lomveka kumapeto kwake, ndipo osaina akhale anthu enieni, ndi midzi yawo. Osadziwa kulemba adinde chala.

Chachisanu ndi chiwiri: yendani ndi kalendala ya bajeti

Lonjezo la nduna lomwe silinalowe m'buku la bajeti lili ngati fodya wa pachala, mwini wake ndi mphepo. N'chifukwa chake nthawi yoyambira ndi yofunika kuposa ukali wa mawu.

Kuyambira mu 2022 chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi. Maunduna ndi makhonsolo amakonza zofuna zawo miyezi ingapo izi zisanachitike, choncho nkhani yanu iyenera kukhala itafika kukhonsolo ndi ku unduna chaka chisanathe, cha m'ma Okutobala ndi Novembala. Chakumayambiriro kwa chaka nduna ya zachuma imachititsa misonkhano yomva maganizo a anthu ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Bajeti imawerengedwa cha mu Febuluwale, kenako aphungu amagawikana m'magulu a makomiti kwa masabata pafupifupi awiri kuti aunike ndalama za unduna uliwonse, ndipo akabwerera amavomereza ndalamazo unduna ndi unduna. Za unduna wa zaumoyo zili pa Vote 310, koma kumbukirani kuti ndalama za zipatala za m'maboma zimaoneka ku mbali ya makhonsolo, ndiye muyang'ane konse kuwiri. Pakati pa chaka cha boma, cha kumapeto kwa chaka cha pakalendala, aphungu amaunikanso bajetiyo, ndipo pamenepo ndalama zina zimasunthidwa.

Musayembekeze kuti phungu angoimirira n'kuwonjezera ndalama. Gawo 57 limati kusintha komwe kukuwonjezera ndalama zotuluka m'thumba la boma kumafuna chilolezo cha nduna ya zachuma. Chomwe aphungu angachite ndi kukakamiza, kukana kuvomereza ndalama za unduna mpaka atapatsidwa yankho, ndi kulemba m'malipoti a magulu awo. Ndiye masabata awiri aja ndi amene muyenera kuimba foni kwambiri.

Mukapeza buku la bajeti, lomwe unduna wa zachuma umaika pa intaneti, fufuzani dzina la ntchito yanu m'gawo la chitukuko. Onani ngati ndalamazo ndi za boma lenileni kapena za mabungwe akunja, chifukwa gawo lalikulu la ndalama zaumoyo m'dziko muno limachokera kunja, ndipo zomwe zinachitika America itaimitsa thandizo lake mu Januwale 2025 zinaonetsa momwe ndalama zotere zingaimire mwadzidzidzi. Onaninso ngati ndalama zomwe zaikidwa zingamangedi chinthu, kapena ndi kandalama kongosungira dzina m'buku. Ntchito zina zimakhala m'buku zaka ndi zaka. Phalombe inakhala boma palokha mu 1998, koma chipatala chake chachikulu chinatsegulidwa mu 2022, ndipo zaka zonsezo anthu ankadalira chipatala cha mishoni cha Holy Family. Pokamba za bajeti yonse, phungu angakumbutse nduna za pangano la ku Abuja la mu 2001, pomwe mayiko a mu Africa analonjeza kuika 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, mlingo womwe dziko lino lakhala likuulephera zaka zambiri. Ndi mfundo yabwino pa mtsutso, koma yokha siimanga chipinda chochirira amayi.

Chachisanu ndi chitatu: nduna ikabweretsa bilu

Ntchito ina ya nduna m'Nyumbamo ndi kubweretsa mabilu. Bilu imawerengedwa koyamba, nthawi zambiri n'kutumizidwa ku komiti, kenako imawerengedwa kachiwiri pomwe pamakhala mtsutso waukulu, aphungu amaiunika ndime ndi ndime, imawerengedwa kachitatu, ndipo mtsogoleri wa dziko amakhala ndi masiku 21 oti aisaine kapena aibweze. Malo anu ndi pamene ili ku komiti. Ikangodutsa pamenepo, kusintha kumavuta.

Kuti zimatheka, tinaziona mu 2017 pa bilu ya HIV ndi Edzi, yomwe inadutsa m'Nyumbamo Atupele Muluzi ali nduna ya zaumoyo. M'biluyo munali ndime zokakamiza magulu ena a anthu, monga amayi oyembekezera, kuyezetsa magazi, ndi zina zopereka chilango kwa munthu woganiziridwa kuti wapatsira mnzake kachilombo. Amayi omwe ali ndi kachilomboka, kudzera m'magulu awo, anakakumana ndi aphungu n'kuwafotokozera kuti mayi ndi amene amayamba kudziwa za magazi ake kusikelo, choncho ndi amene angayambe kuimbidwa mlandu, ndipo ena angasiye kupita kusikelo komweko. Pofika Novembala chaka chomwecho biluyo inadutsa ndime zimenezo zitachotsedwa. Chomwe anachita bwino n'choti sanakane bilu yonse. Anatchula ndime zomwe zinali zoopsa ndi chifukwa chake.

Inunso chitani chimodzimodzi. Pezani biluyo kwa phungu kapena pa tsamba la intaneti la Nyumba ya Malamulo, pezani munthu wodziwa malamulo kapena wa bungwe kuti muwerenge naye, ndipo polemba maganizo anu mutchule nambala ya ndime, chomwe chikuvuta, ndi mawu omwe mukufuna alowe m'malo mwake. Maganizo a m'Chichewa alembedwe ndithu, koma muphatikizepo a m'Chingerezi kuti akalaliki a komiti asawaike pambali.

Pomaliza: tsatirani yankho

Funsani phungu tsiku lomwe funso lanu lili pa ndandanda, ndipo mvetserani pa wailesi kapena pa tsamba la Facebook la Nyumba ya Malamulo, lomwe limaulutsa zokambirana pamene zikuchitika. Mmodzi ajambule mawuwo pa foni, wina alembe. Zonse zoyankhulidwa m'Nyumbamo zimalembedwa m'buku lotchedwa Hansard, ndipo phungu angakupezereni tsamba la tsikulo. Tsamba limeneli mulimate m'kope la komiti.

Pasanathe sabata lemberani mlembi wamkulu wa unduna wa zaumoyo, mutchule tsiku lomwe nduna inayankha ndi mawu ake enieni, n'kufunsa ofesi yomwe yapatsidwa ntchitoyo ndi munthu woti muzilankhula naye. Makope apite kwa phungu, a DC ndi a DHSS. Nduna zimasinthidwa kawirikawiri, koma lonjezo loperekedwa m'Nyumbamo ndi la boma, ndipo kalata yopita kwa mlembi wamkulu imatsala mu fayilo ngakhale nduna itachoka. Fotokozeraninso anthu pa msonkhano wa mudzi zomwe zinayankhidwa, ndendende momwe zinalili, osawonjezera mchere, kuti mawa asadzati komiti inalonjeza chipatala.

Tsiku lomwe nduna inatchula likadutsa popanda kanthu, muli ndi zochita ziwiri. Lemberani komiti ya aphungu yomwe imalondoloza malonjezo a boma, yotchedwa Government Assurances, muphatikize tsamba la Hansard lija. Ndipo konzerani phungu funso latsopano la nkhumano yotsatira, loyamba ndi tsiku la lonjezolo, lofunsa kuti ndalama zomwe zinatchulidwa zatuluka zingati ndipo kontilakita anapatsidwa ntchito liti.